Kwa ophikira ovutika pa tchalitchi

Amayi ndi abambo amene mumaphikira ovutika pa tchalitchi kuno ku Zomba, nyemba muziviika m'madzi usiku wonse. Mawa lake zimapsa msanga, nkhuni n'kutsalako zophikira nsima. Ife poyamba tinkangozitereka zouma, ndiye nthawi ya nkhomaliro inkakwana anthu ali pamzere, nyemba zikadali gwa. Manyazi ake!

Chimanga gulani mu Meyi kapena Juni chikadali chotchipa, muthire mankhwala oteteza ku anankafumbwe. Mzere umatalika mu Januwale ndi Febuluwale, pamene mtengo nawo wakwera.

Posamba m'manja wina azithirira anzake ndi jagi, osati onse m'beseni limodzi, chifukwa nyengo ya mvula kolera sachedwa. Agogo ndi ana aziyamba ndiwo kulandira.