LASIK, PRK kapena SMILE? Musanasankhe kayezetseni kaye cornea

Anthu akamva kuti ndinasiya kuvala magalasi funso lawo limakhala limodzi, "nde yabwino kwambiri ndi iti, LASIK kapena SMILE?" Ine ndimawayankha kuti funsoli alifunsa msanga. Ndinalowa mchipinda cha dokotala wa maso nditasankha kale LASIK mumtima, nditawerenga zambiri pa intaneti mausiku angapo, koma atandiyeza anandiuza kuti kwa ine yoyenera ndi PRK chifukwa cornea yanga ndiyopyapyala. Tsiku limenelo ndinakhumudwa kwambiri, pano ndimathokoza kuti sanandimvere. Nde ngati mukuganiza zopanga opaleshoni ya maso ya laser kuti musiye magalasi, tsatani zinthu mwa ndondomeko iyi, diso lanu liyambe kuyankhula, kenako moyo omwe mumakhala, mtundu wa opaleshoni ubwere kumapeto.

Choyamba mvetsani chomwe laser imapanga. Cornea ndi kagawo koonekera kakutsogolo kwa diso kaja, kokhala ngati kagalasi ka wotchi, ndipo ndi komwe kamapinda kuwala kwambiri, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yonse ya diso. Ngati simuona patali, vuto lomwe magalasi ake amalembedwa ndi minus, laser imasema pakati pa cornea kuti pakhale pophwatalala pang'ono. Ngati vuto lanu ndi lomwe magalasi ake amalembedwa ndi plus, imasema mmbali kuti pakati patukuke. Ngati muli ndi astigmatism imasalaza mbali yomwe yapindika mosiyana ndi inzake. Mitundu yonse itatu ya opaleshoni, LASIK, PRK ndi SMILE, imapanga zomwezi, kusiyana kwake ndi njira yolowera basi. Ndipo chomwe chasemedwa sichimeranso, mfundo imeneyi muyigwire bwino chifukwa zonse zomwe ndinene zikuchokera pamenepa.

Cornea ya munthu wamba imakhala ma micron pafupifupi 540 pakati pake, kungoposa pang'ono theka la milimita. Laser imachotsa ma micron apakati pa 12 ndi 15 pa diopter iliyonse, diopter nde nambala ija imalembedwa pa pepala la magalasi anu, ngati -3.00 kapena -7.00. Pa LASIK amayamba adula kachivindikiro kopyapyala pamwamba pa cornea, ma micron 100 mpaka 120, kukatsegula, kusema pansi pake nkukabwezera. Kachivindikiroka kamamata koma sikabwereranso mphamvu yake yakale, nde chomwe chimagwira diso ndi chomwe chatsala pansi. Malire akale amati pasatsale pochepera 250, madokotala ambiri masiku ano amafuna 300 kapena kuposa. Tengani munthu wa cornea ya 490 ndipo magalasi ake ndi -7.00, laser ichotsa pafupifupi 100, kachivindikiro katenga 110, patsala 280. Munthu yemweyo akapanga PRK amangochotsa kakhungu kapamwamba ka ma micron 50 komwe kamameranso kokha, laser nkuchotsa 100 ija, patsala 340. Masamu amenewa dokotala akuwerengereni pamaso panu, musachite manyazi kufunsa kuti "patsala zingati?" Akakuzembani funso limeneli kaonaneni ndi wina.

Kukhuthala kokha sikokwanira, mapu a cornea nawo ndiofunika kwambiri mwinanso kuposa. Pali makina ngati Pentacam omwe amajambula kutsogolo ndi kumbuyo kwa cornea nkutulutsa chithunzi chamitundumitundu. Chomwe akufufuza ndi keratoconus, nthenda yomwe cornea imafooka nkumasongoka pang'onopang'ono. Imayamba mwakachetechete, nthawi zambiri munthu ali wachinyamata, iye amangoona kuti magalasi akusinthasintha. Munthu otero akasemedwa cornea imatha kufooka kwambiri nkuyamba kutukuka, ndipo akhoza kumaona moipa kuposa kale, magalasi osathandizanso bwino. Ngati kubanja kwanu kuli wina wa keratoconus, kapena muli ndi chizolowezi chofikisa mmaso mwamphamvu chifukwa cha kuyabwa, nenani osadikira kufunsidwa. Ndipo ngati mumavala ma contact lens muwavule kaye musanakayezedwe, ofewa aja sabata imodzi kapena awiri, olimba aja masabata angapo, chifukwa amasintha kaumbidwe ka cornea nde mapu amatuluka abodza. Apa osabera, ine ndinavutika nawo magalasi masabata awiri koma ndi zomwe zinapangitsa kuti miyezo ikhale yoona.

Pali anthu ena oti adikire kaye kapena asapange nkomwe. Osakwana zaka 18 ayi, ndipo olo mutakwana, nambala ya magalasi ikhale isanasinthe kwa chaka chathunthu. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa adikire chifukwa maso amasintha nthawi imeneyi. Shuga osayenda bwino, matenda oti chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi thupi lomwelo ngati nyamakazi ya rheumatoid ndi lupus, mankhwala a ziphuphu a isotretinoin omwe amaumitsa maso, ng'ala yomwe yayamba, glaucoma (nthenda yoononga mtsempha wa diso, nthawi zambiri presha ya mdiso ikakwera) yosagwirika bwino, zonsezi muziike poyera.

Tsopano ngati miyezo yakulolani, tione mitundu yake.

LASIK ndi yomwe anthu ambiri amaidziwa. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku Greece Ioannis Pallikaris, ndipo bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linaivomereza mu 1999. Ubwino wake ndi changu, opaleshoni ya maso onse awiri imatenga mphindi zochepa, amakudonthezani mankhwala ochititsa dzanzi nde simumva kuwawa, kwa maola angapo maso amalasalasa nkumatuluka misozi, mmawa mwake ambiri amadzuka akuona bwino ndipo patatha tsiku limodzi kapena awiri abwerera ku ntchito. Imakonza mavuto onse atatu, minus, plus ndi astigmatism. Komanso patsogolo ikafunika kukonzanso pang'ono nthawi zambiri amatha kutsegula kachivindikiro komweko. Kuipa kwake nkomweko kachivindikiroko. Podula amadulanso timitsempha tambiri ta cornea tomwe timauza diso kuti litulutse misozi, nchifukwa chake kuuma kwa maso kumavuta ambiri miyezi yoyambirira, ena kumawatengera nthawi yaitali. Ndipo chala, chigongono kapena mpira zikakumenyani padiso, kachivindikiro katha kusuntha olo patapita zaka, sizichitika kawirikawiri koma zimachitika. Funsaninso kuti adula ndi chani, kampeni ka microkeratome kapena laser ya femtosecond, yachiwiriyi imadula molingana bwino.

PRK ndi yakale pa zonse, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo FDA inaivomereza mu 1995, nde anthu amaiona ngati yotsalira, koma sichoncho. Laser yake ndi excimer yomweyo ya LASIK ndipo pakatha miyezi ingapo maso amaona chimodzimodzi. Palibe kachivindikiro, amachotsa kakhungu kapamwamba, kusema, nkuika contact lens yongotchingira bala. Mukamva mayina ngati LASEK kapena TransPRK dziwani kuti ndi banja limodzi, amangosiyana kachotsedwe ka kakhungu kaja. Apa ndinene zoona zokhazokha chifukwa ndinadutsamo, masiku atatu oyamba ndiowawa. Tsiku lachiwiri zimakhala ngati wina wakuthirani mchenga mmaso, misozi osaleka, kuwala kulikonse kukuthobwani, foni osayang'anika nkomwe. Kakhungu kamatseka pakati pa masiku atatu ndi asanu, akachotsa lens ija mumaonabe chimbuuzi, lero bwino mawa ayi, ndipo kuti zikhazikike pamatha mwezi mpaka itatu. Muyenera kupempha tchuthi cha sabata yathunthu, mupeze okhala nanu pakhomo, mudontheze mankhwala a steroid mmene akuuzirani osadumphitsa, ndi kuvala magalasi adzuwa mukatuluka chifukwa dzuwa limatha kuyambitsa kachifunga pa cornea. Kachifungaka ndi komwe amapewa poika mankhwala a mitomycin C nthawi ya opaleshoni makamaka kwa a nambala zazikulu. Amene PRK imawayenera ndi a cornea yopyapyala, osewera nkhonya, karate kapena rugby, asilikali ndi ena onse omwe nkhope yawo imakumana ndi zibakera ndi zigongono. Ngati ndinu mmodzi mwa amenewa sabata imodzi yowawa ija musaiope.

SMILE ndi yatsopano, ya kampani ya Carl Zeiss Meditec pa makina a VisuMax, FDA inaivomereza mu 2016 kwa osaona patali, mu 2018 anaonjezera astigmatism. Laser ya femtosecond imadula kachidutswa kooneka ngati kalens mkati mwa cornea, dokotala nkukasolola kudzera pa kabala ka mamilimita awiri mpaka anayi. Kachivindikiro palibe, timitsempha todulidwa ntochepa nde kuuma kwa maso miyezi yoyamba kumakhala kochepa poyerekeza ndi LASIK, kuwawa nakonso sikuli ngati kwa PRK. Kuona bwino kumabwera mochedwerako pang'ono kuposa LASIK, masiku angapo. Koma musatengeke ndi utsopano wokha. Imagwira ntchito kwambiri kwa a minus ndi astigmatism, a plus nthawi zambiri amawalozera ku LASIK kapena PRK. Kusolola kachidutswa kaja ndi luso la manja, nde funsani dokotalayo kuti wapanga ma SMILE angati. Komanso ikasiya nambala yotsalira simungapange SMILE yachiwiri mophweka, nthawi zambiri amakonza ndi PRK pamwamba pake. Ndipo SMILE imachotsabe mnofu wa cornea, nde wa keratoconus asaganize kuti apa wapeza polowera.

Nanga ngati nambala yanu ndiyaikulu kwambiri, ngati -10.00 kupita mtsogolo, kapena cornea yakana zonse zitatu? Pali ICL, iyi si ya laser, amaika kalens mkati mwa diso kuseri kwa gawo lamtundu lija, kutsogolo kwa lens yachibadwa, cornea osaisema. Ikhoza kuchotsedwa ikafunika kutero. Koma poti amalowa mkati mwa diso ili ndi zoopsa zakezake ngati kukwera kwa presha ya mdiso ndi ng'ala, nde imafuna miyezo ina komanso kumakaonedwa chaka ndi chaka. Dokotala yemwe amapanga mtundu umodzi okha akhoza kukukokerani ku omwewo, ine ndimalimbikitsa kukaonana ndi yemwe amapanga yonse kapena kumva maganizo a madokotala awiri.

Nkhani ya zaka ndiikhalitse pang'ono chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amakhumudwa. Munthu akadutsa zaka 40 lens ya mkati mwa diso imayamba kuuma, zilembo zapafupi zimavuta, mumayamba kutalikitsa foni. Laser siiletsa zimenezi chifukwa imagwira cornea osati lens. Choopsa nchakuti munthu wa -2.00 wa zaka 45 amangovula magalasi nkuwerenga bwinobwino, akapanga opaleshoni aziona patali koma pafupi paja azifuna magalasi owerengera, chinthu chomwe sanachizolowere. Pali njira ya monovision, diso limodzi amalikonza loona patali lina amalisiya loona pafupi, ena ubongo wawo umazolowera ena samazolowera ndipo amangomva chizungulire. Musavomere musanayese, pemphani ma contact lens okonzedwa chonchi muvale kwa masiku angapo, muyendetse galimoto, muwerenge, mutsike masitepe, nde muone. Ndipo ngati muli mzaka za m'ma 50 kapena 60 ndipo ng'ala yayamba, mwina nzeru nkudikira opaleshoni ya ng'ala chifukwa lens yomwe adzaikeyo imakonzanso nambala.

Ngati mumayendetsa galimoto usiku kwambiri nenani. Mitundu yonse itatu imatha kusiya timizere ndi mikombero yowala kuzungulira magetsi, kwa ambiri zimachepa pakatha miyezi, kwa ochepa zimatsala. Akuyezeni kukula kwa mwana wa diso mumdima komanso misozi, ndipo ngati maso anu ndiouma kale ayambe athana ndi kuumako opaleshoni isanachitike. Funsaninso kuti akadzafunika kukonzanso mudzalipiranso kapena ayi, ndi kuti usiku diso likakuvutani muimbira ndani, zonsezi zilembedwe.

Mukapanga, kaya mwasankha iti, osafikisa mmaso, osasambira mpaka dokotala atakulolani, zopakapaka za mmaso zidikire kaye, ndipo diso likayamba kufiira, kuwawa kukukulirakulira kapena kuona kukutsika mwadzidzidzi pitani tsiku lomwelo. Pemphani mapepala a miyezo yonse ya opaleshoni isanachitike ndi ya itachitika, muwajambule muwasunge pa imelo. Mudzawafuna mukadzapanga opaleshoni ya ng'ala chifukwa kuwerengera mphamvu ya lens pa diso losemedwa nkovutirapo, komanso makina oyeza presha ya mdiso amatha kuonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni cornea ikapyapyala, nde aliyense okuyezani glaucoma mumuuze kuti munapanga laser. Ndipo ngati munali wa minus yaikulu diso lanu likadali lalitali mkati mmene linalili, retina, kagawo kakumbuyo mkati mwa diso komwe kamalandira kuwala, ikadali pachiopsezo chomwe chija chong'ambika kapena kumatuka, nde muzikayezetsabe maso chaka chilichonse olo magalasi munawasiya, ndipo mukaona kung'anima ngati mphezi kapena timadontho takuda tambiri tikuyandama mwadzidzidzi musagone nazo.