Lekani kumutuma zinthu zinayi nthawi imodzi

Nyengo yokolola ino ndaona cholakwa chimodzimodzi m'makomo momwe muli ana obadwa ndi Down syndrome. Poti aliyense watanganidwa, mwana akutumidwa motere: "Thamanga kunyumba, ukatenge dengu, utseke khola, pobwera utunge madzi." Akabwera ndi dengu lokha, kumukalipira, ena mpaka kumukwapula. Ati ndi wamwano.

Palibe mwano apa. Ana amenewa amabadwa ndi makromozomu (tinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa cha munthu) atatu a nambala 21 m'malo mwa awiri, ndipo mawu ongomva ndi khutu sakhalitsa m'mutu mwawo. Akagwira awiri kapena atatu, otsalawo atayika. Koma chimene aona ndi maso amachisunga bwino, ndipo amamva zambiri kuposa zomwe pakamwa pamatha kutulutsa. Onjezeranipo makutu: ambiri amakhala ndi madzi otsekeka mkati mwa khutu, makamaka chimfine cha nyengo yozizira chikayamba. Ndiye inu mukumulankhula muli kumbuyo kwake, nkhope mwalozetsa kumilu ya chimanga, mukufuna amve chiyani?

Bambo wina, mlimi wa mtedza, anandiuza monyadira kuti mwana wake akaloza chinthu amamumenya kadzanjako. "Alangizi, pakamwa ali napo, azilankhula." Lero mwanayo salozanso, salankhulanso. Amangokhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo kusukulu anamusiyitsa ati akungotha sopo. Chizolowezi chimenechi chimanditopetsa. Zizindikiro za manja sizichedwetsa kulankhula; mwana akamamveka, mtima wofuna kuyesa mawu umakula. Mukamuletsa manja mwamulanda njira yokhayo yomwe anali nayo, ndipo zaka zoyambirira zomwe chiyankhulo chimamera msanga zimangopita.

Ku Portsmouth, ku England, katswiri wofufuza Sue Buckley ndi anzake anaonetsa kuyambira m'ma 1980 kuti ana ambiri otere amaphunzira kuzindikira mawu athunthu olembedwa akadali aang'ono, ndipo kuwerengako kumakoka kulankhula. Ife tikadali pa kuwaimbitsa "a e i o u" tsiku lonse.

Zochita n'zosavuta. Mutumeni chinthu chimodzi, mukuyang'anana naye, mukumuonetsa. Dikirani ayankhe, musamumalizire mawu. Jambulani dengu pakatoni, mulembe "dengu" pansi pake. Ndipo mupite naye kuchipatala akamuyeze makutu, maso ndi chithokomiro (kachiwalo ka pakhosi), ngakhale asakudandaula.