Phala la m'paketi: tembenuzani paketi musanamudyetse mwana

M'masitolo ndi m'magolosale muli mitundu itatu ya chakudya cham'mawa cha ana. Pali ufa wofunika kuphika pamoto monga Likuni Phala, pali ufa wongosungunula ndi madzi kapena mkaka, ndiye pali zouma zokhukhuluza zija za m'makatoni monga cornflakes. Kumaso kwa paketi kumakhala chithunzi cha mwana wonenepa ndi mawu akuluakulu onena za mavitamini. Kumeneko n'kotsatsira malonda. Zimene mwana wanu adye zalembedwa kumbuyo kapena m'mbali, m'timalemba ting'onoting'ono.

Yambani mwaona zaka. Mwana wosakwana miyezi 6 sapatsidwa phala lamtundu uliwonse, ngakhale paketi italemba kuti ndi la ana a miyezi 4. Bere lokha limamukwanira. Akakwana miyezi 6 ayambe phala, koma kuyamwa kupitirire mpaka zaka 2 kapena kupyola. Zouma za m'makatoni sanapangire makanda. Zambiri zili ndi shuga ndi mchere wa mlingo wa akuluakulu, ndipo zomwe zili ndi mtedza wathunthu kapena zipatso zouma zimatha kumutsamwitsa mwana wamng'ono.

Mndandanda wa zosakaniza

Pezani pomwe alemba kuti "Ingredients". Zosakaniza amazilemba motsatana ndi kuchuluka kwake, chochuluka kwambiri poyamba, chochepetsetsa kumapeto. Phala labwino limayamba ndi mbewu: chimanga, soya, mapira, mawere, tirigu kapena oats. Mukaona shuga ali pachiwiri kapena pachitatu, dziwani kuti gawo lalikulu la ndalama zanu mukugulira shuga.

Shugayo sabwera ndi dzina limodzi. Amalembedwa kuti sugar, sucrose, glucose syrup, dextrose, fructose, malt extract, molasses kapena honey. Wopanga akhoza kuikamo mitundu itatu ya shuga pang'onopang'ono, mtundu uliwonse n'kuoneka m'munsi mwa mndandanda, koma mukaiphatikiza ikuposa soya amene ali m'paketimo. N'chifukwa chake muyenera kupitirira mpaka pa kabokosi ka manambala osonyeza kuchuluka kwa zomwe zili m'chakudyacho, n'kuyang'ana mzere wa "sugars" pansi pa "per 100 g". Musadalire za "per serving", chifukwa mlingo womwe wopanga amautcha wokwanira kudya kamodzi nthawi zambiri ndi magalamu 30, pamene mwana wopita kusukulu amathira m'mbale zoposa pamenepo.

Masamu ake ndi osavuta. Kasupuni ka tiyi kamodzi ka shuga ndi magalamu 4. Ngati paketi yalemba magalamu 30 a shuga pa magalamu 100 alionse, ndipo mwana wadya magalamu 40, wameza magalamu 12, omwe ndi timasupuni 3, musanathire wanu wa m'nyumba komanso asanamwe tiyi. Mlingo womwe amagwiritsa ntchito ku Britain polemba pa zakudya ndi wothandiza kuusunga pamtima: magalamu 5 kapena kucheperapo pa magalamu 100 ndi shuga wochepa, kupyola magalamu 22.5 ndi wochuluka. Phala lomwe lili kale ndi mkaka waufa limaonetsa nambala yokwererapo chifukwa mkaka uli ndi shuga wakewake, choncho kabokosi ndi mndandanda muziwerenge limodzi.

Musaganize kuti dzina lotchuka ndiye kuti mulibe shuga. Mu 2024 bungwe la Public Eye la ku Switzerland pamodzi ndi bungwe loona za kadyetsedwe ka makanda la IBFAN linayezetsa phala la Cerelac logulitsidwa m'mayiko a ku Africa, Asia ndi Latin America, n'kupeza kuti lambiri linali ndi shuga woonjezera pafupifupi magalamu 4 pa mlingo umodzi, pamene phala la kampani yomweyo ku Germany ndi ku Britain linalibe. Dzina likhoza kukhala limodzi koma zam'kati n'kusiyana malinga ndi dziko lomwe paketi ikupita.

Mwana wosakwana zaka 2 safunika shuga woonjezera m'pang'ono pomwe. Shuga amaola mano akangomera, amakhutitsa popanda kumanga thupi, ndipo mwana akazolowera kutsekemera amayamba kulavula phala la nsinjiro ndi ndiwo zamasamba. Ena amati popeza shuga wa m'Malawi muno amathiramo vitamini A, kuchulutsa shuga n'kuthandiza mwana. Ayi. Vitamini A mwana aipeze ku sikelo pa miyezi 6 iliyonse, komanso m'mbatata yofiira m'kati, maungu, mapapaya, mango ndi mazira.

Uchi wokha ndiye musayerekeze kwa mwana wosakwana chaka, kaya wothira nokha kaya wolembedwa pa paketi. Mu uchi mumatha kukhala tizilombo toyambitsa botulism, matenda omwe amafooketsa minofu ya khanda mpaka kulephera kuyamwa ndi kupuma, ndipo kuphika sikupha mbewu za tizilomboti.

Za mchere n'zachidule. Mapaketi ambiri amalemba "sodium" m'malo mwa mchere. Chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze mchere weniweni. Khanda losakwana chaka lisapyole galamu 1 patsiku, wa zaka 1 mpaka 3 asapyole magalamu 2. Impso zake sizinakhwime. Zouma za m'makatoni zimamveka zotsekemera koma zina zili ndi mchere woposa galamu 1 pa magalamu 100.

Zamitundu yowala, zofiira, zachikasu, zobiriwira, utoto wake ndi wochita kuthira. Ku European Union chakudya chokhala ndi utoto wa E102, E104, E110, E122, E124 kapena E129 chimayenera kulembedwa chenjezo loti chikhoza kusokoneza khalidwe ndi chidwi cha ana. Utoto suonjezera chilichonse m'thupi, choncho palibe chomwe mwana ataye mukausiya pa shelefu.

Onaninso mawu oti "Contains" kapena "May contain". Pamenepo amatchula zomwe ana ena matupi awo sagwirizana nazo: mtedza, soya, mkaka, tirigu, mazira. Phala latsopano liyambitseni lokha, m'mawa, pang'ono, ndipo papite masiku awiri kapena atatu musanayambitse chinanso. Mukatero, ziwengo zikatuluka mudziwa chomwe chayambitsa. Izi sizikutanthauza kuti nsinjiro ndi soya muziwamana ana onse. Ana ambiri amadya popanda vuto ndipo amazifuna.

Chuku, chomwe sichilembedwa pa paketi

Choopsa chachikulu m'phala la chimanga ndi mtedza kuno kwathu sichipezeka pa mndandanda uliwonse. Chimanga ndi mtedza zikasungidwa zisanaumitsitse, kapena zikanyowa m'nkhokwe, zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka mu ufa, alibe fungo lodalirika, ndipo satha pophika, pokazinga kapena powiritsa. Akalowa wambiri nthawi imodzi amaononga chiwindi msangamsanga. Mu 2004 anthu 125 anamwalira kum'mawa kwa Kenya atadya chimanga chotere. Akamalowa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku amafooketsa chitetezo cha thupi, amayenda limodzi ndi kupinimbira, ndipo pakapita zaka amayambitsa khansa ya chiwindi. Mwana ndiye ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa thupi lake n'laling'ono ndipo amadya phala lomwelo m'mawa ndi madzulo.

Wogula sangayeze aflatoxin ndi maso. Chomwe angadalire ndi chakuti wopangayo amayenderedwa ndipo katundu wake amayezedwa. Nayo ntchito ya chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pa katundu wopangidwa m'dziko muno. Pambali pa chizindikirocho, paketi ikhale ndi dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya gulu lomwe katunduyo anapangidwira limodzi, ndi tsiku lothera. Nambala imeneyo imathandiza boma likalengeza kuti katundu wina achotsedwe pamsika, choncho musataye katoni phala lisanathe. Tsiku lofufutika, lomatidwa kapepala pamwamba kapena lolembedwa ndi cholembera ndi chifukwa chokwanira chosiyira paketiyo, ngakhale mtengo utatsitsidwa.

Ufa wa phala wogulitsidwa m'timajumbo topanda dzina pamsika ndi wotchipa, koma simudziwa chimanga chake chinali chotani, soya wake anakazingidwa kapena ayi, ndiponso wakhala padzuwa masiku angati. Mbewu zosankhidwa zija, zoola ndi zofumbwa, kawirikawiri zimathera kuchigayo chifukwa zikagayidwa sizidziwikanso. Ufa wothandizira ana onyentchera wolembedwa "Not for sale" ukapezeka pa benchi, wadutsa njira yosadziwika ndipo kasungidwe kake palibe angakutsimikizireni.

Gwirani paketiyo m'manja. Ikhale yomata bwino, yosaboola, yopanda madontho a madzi kapena mafuta. Mukatsegula, ufa ukhale woyoyoka. Mibulu yolimba ndi chizindikiro cha chinyezi, ulusi ngati wa kangaude umasonyeza kuti muli njenjete, fungo loipa ngati la mafuta akale ndiye kuti mafuta a soya kapena mtedza aonongeka. Ufa wotere musasefe n'kuphika. Sefa imachotsa anankafumbwe, poizoni amatsala. Nkhuku zoikira ndi ng'ombe zamkaka musazipatsenso, chifukwa aflatoxin amadutsa mpaka m'mazira ndi mu mkaka.

Kakonzedwe

Werengani ngati ufawo ndi wophika kapena wongosungunula. Likuni Phala, yemwe dzina lake linachokera ku Likuni ku Lilongwe, ndi magawo 4 a chimanga ndi gawo limodzi la soya, ndipo ndi wophika. Sungunulani ufa m'madzi ozizira pang'ono, thirani m'madzi owira, takasani, ndipo libwate mphindi 10 kapena monga paketi yanenera. Wongosungunula sapitanso pamoto, choncho tizilombo ta m'madzi timalowa m'mimba mwa mwana tili moyo. Madzi ake muyambe mwawiritsa, ngakhale a pa mjigo kapena pa mpopi, aphole pang'ono, kenako musakanize. Mkaka wa ng'ombe wa pakhola nawonso uwire kaye. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo mbale ndi supuni zikhale zotsuka ndi zouma.

Phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni silikuyoyoka ngati madzi. Kamimba ka khanda n'kakang'ono. Mukachulutsa madzi kuti paketi ikhalitse, mwana akhuta madzi, ndipo pa sikelo mzere wake uyamba kugona. Musathire phala m'botolo n'kukulitsa bowo la nsonga. Amatsamwa nalo, ndipo botolo silitsukika bwino. Wa miyezi 6 mpaka 8 ayambe ndi masupuni aakulu 2 kapena 3, kawiri kapena katatu patsiku, muzionjezera mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye theka la kapu katatu kapena kanayi. Wa chaka chimodzi mpaka ziwiri afike pa magawo atatu a magawo anayi a kapu kapena kapu yodzadza.

Konzani la nthawi imodzi. Phala lotsala likakhala maola oposa 2 kunja kukutentha, tizilombo timaswana, ndipo tina timasiya poizoni amene kutenthetsanso sikuchotsa. Lomwe supuni ya mwana yalowamo kale musamusungire.

Paketi ikalemba kuti muli ayironi ndi zinki, zimenezo n'zopindulitsa, chifukwa ayironi yemwe mwana anabadwa naye amayamba kuchepa pa miyezi 6. Koma tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'magazi. M'malo mwa tiyi mupatseni mango, papaya, lalanje kapena ufa wa malambe wothira m'phala litaphola. Ngakhale phala lokwera mtengo silikwaniritsa magulu 6 a zakudya. Dzira lophikira momwemo, ufa wa usipa kapena bonya wosinja n'kusefa, kasupuni ka mafuta ophikira, masamba a bonongwe opota, zonsezi zimachita zomwe paketi singachite. Muzisinthasinthanso mbewu, lero chimanga, mawa mawere kapena mapira. Kusinthaku kumachepetsa poizoni wa mbewu imodzi yemwe angaunjikane m'thupi.

Mukatsegula paketi, tsanulirani ufa m'chigubu chouma chotseka bwino, kapena pindani kukamwa n'kumanga. Ikani pamwamba, osati pansi pa simenti kapena pafupi ndi ndowa ya madzi. Supuni yonyowa isalowemo. Mapaketi ambiri a makanda amanena masiku omwe ufa uyenera kutha ukatsegulidwa, nthawi zambiri osapyola mwezi, ndipo m'nyengo ya dzinja ndi bwino kugula paketi yaing'ono. Mankhwala a makoswe, a mbewu, feteleza, parafini ndi sopo waufa zisakhale pa shelefu imodzi ndi chakudya cha mwana. Golosale yomwe imaunjika zimenezi pamodzi ndi phala, kagulenitu kwina.

Amene akupanga yekha ufa wa phala pakhomo ali ndi mwayi woona mbewu isanagayidwe. Sankhani chimanga ndi mtedza pa lichero njere ndi njere, kuchotsa zofota, zosweka, zakuda ndi zofumbwa. Poswa mtedza musawaze madzi kuti makoko afewe, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimadzutsa chuku. Mgaiwa uli ndi chakudya chambiri kuposa ufa woyera, koma poti gaga sanachotsedwe, kusankha kwake kukhale kosamalitsa. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya zomanga thupi ndipo amatupitsa mimba. Muthireni wouma m'madzi owira kale, awire mphindi 30, chotsani makoko, yanikani mpaka aume gwa, kenako mugayitse pamodzi ndi chimanga. Gayitsani wa masabata awiri okha.

Mwana akadya n'kutupa milomo kapena nkhope, kubanika, kusanza mosalekeza, kufooka kapena maso kuchita chikasu, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo paketi muitenge. Akatsegula m'mimba, yambani Thanzi ORS, pitirizani kuyamwitsa, ndipo mukaonane ndi alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo. Ngati ana angapo adwala atadya za m'paketi imodzi, ufa wotsalawo muumange bwino ndi kuupereka kwa azaumoyo kuti akauyeze.