Denga la malata likudontha: yambani ndi misomali

Ngati denga ladontha ndi mvula yoyamba, kawirikawiri vuto limakhala pamisomali.

Mvula ikugwa, lembani ndi choko pomwe pakudontha. Bowolo lifufuzeni chakumtunda pang'ono, chifukwa madzi amayamba atsata thabwa asanagwe.

Kwerani padenga malata atauma, ndipo muziponda pamzere wa misomali, poti pansi pake pali thabwa. Msomali wogwedera uzuleni, mukhomepo wina wachipewa wokhala ndi kalabala, pamsana pa lata osati mumngalande mwake. Timabowo tating'ono palani kaye dzimbiri ndi sandipepa, kenako matani phula. Zomata ndi sopo zija musavutike nazo, mvula imodzi yokha zasungunuka.

Mukatsika, kumbani kangalande pomwe madzi a padenga amagwera, kotsetsereka kutali ndi maziko.