Momwe mungasamalire galu wobadwa kwa dachshund ndi beagle pakhomo panu

Ku America ndi ku Britain anthu ena amaweta kagalu kotchedwa Doxle, kobadwa kwa dachshund ndi beagle. Dachshund anachokera ku Germany, komwe alenje ankamulowetsa kuuna kukatulutsa nyama yofanana ndi chiuli, n'chifukwa chake ali ndi miyendo yaifupi ndi msana wautali. Beagle ndi wa ku England, mlenje wa akalulu woyenda m'gulu motsatira fungo. Mwana wawo amakonda anthu, amasewera bwino ndi ana, ndipo akhoza kukhala zaka 12 mpaka 15. Koma ngati mukufuna mlonda woopseza akuba, uyu si galu wanu. Kuuwa amauwa ndithu, kenako n'kugwedezera mlendo mchira.

Choyamba, kaoneni makolo ake musanapereke ndalama. Uwu si mtundu wokhazikika, ndipo bungwe la American Kennel Club, lolemba mitundu ya agalu ku America, siliuwerengera pa mitundu yake. Ana a mimba imodzi amasiyana: wina amatengera miyendo ya beagle, wina amatuluka wamfupi ngati dachshund. Muone mmene mayi wake akuyendera, ngati sakutsimphina kapena kukoka miyendo yakumbuyo. Kagalu kasachoke kwa mayi wake kasanakwane milungu 8.

Chachiwiri, pitani naye kwa dokotala wa ziweto sabata yomweyo. Katemera wa parvo (nthenda yoopsa yotsegula m'mimba ana agalu) ndi matenda ena amayamba ali ndi milungu 6 mpaka 8, wa chiwewe akakwana miyezi itatu. Kuno kwathu chiwewe chikuphabe anthu, makamaka ana, ndiye uyu musazengereze naye. Funsaninso za mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa. Amene muli ku England, kuyambira mu 2016 lamulo limafuna kuti galu aliyense aikidwe microchip, kachipangizo kakang'ono kolowetsedwa pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake.

Chachitatu, tetezani msana wake, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Dachshund amavutika kwambiri ndi nthenda ya timinofu tokhala pakati pa mafupa a msana, ndipo mwana wake akhoza kutengera, makamaka akakhala wautali thupi. Kaminofu kotere kakaphulika kamafinya mtsempha waukulu wa mumsana, galu n'kulemala miyendo yakumbuyo. Musamulole kudumpha kuchoka pa bedi kapena pa sofa. Muikireni thabwa lotsetsereka, kapena muzolowezeni kugona pansi kuyambira ali wamng'ono. Masitepe ambiri si abwino kwa iye. Pomunyamula, dzanja limodzi lilowe pansi pa chifuwa, lina lichirikize kumatako, thupi likhale lopingasa. Ana ndi amene amalakwitsa apa: amamugwira m'khwapa, theka la thupi n'kumalendewera. Aonetseni kanyamulidwe koyenera, ndipo aang'ono kwambiri azisewera naye atakhala pansi. Mukaona kuti wapinda msana, akulira mukamukhudza, akukana kuyenda kapena akudzandira, mutsekereni pamalo ochepa kuti asayendeyende, n'kuthamangira naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Musamupatse mankhwala a anthu opha ululu, ena mwa iwo amapha agalu.

Chachinayi, muyezereni chakudya. Beagle sadziwa kukhuta, ndipo mwana wake amatengera dyera lomwelo. Kunenepa kumalemetsa msana uja. Wamkulu adye kawiri pa tsiku, ndipo mukamusisita m'mbali muzimva nthiti popanda kukanikiza. Mkute wa nsima wokha sukwanira, pafunika nyama, mazira kapena chakudya cha agalu cha m'sitolo. Anyezi, chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kumubaya m'matumbo. Ndiwo zathu zambiri zimakhala ndi anyezi, choncho zotsala m'mbale musamangomukhuthulira.

Chachisanu, lemekezani mphuno yake. Ku ma eyapoti a ku America, boma limagwiritsa ntchito ma beagle kununkhiza zakudya zobisidwa m'zikwama za apaulendo. Galu wanu akagwira fungo, mungaitane mpaka mawu kusasa, iye osacheuka. Pamsewu aziyenda pa chingwe, chomangirira ku lamba wa pachifuwa m'malo mwa wa m'khosi. Mpanda ufike pansi ndithu chifukwa amakumba, ndipo khola la nkhuku kapena akalulu likhale lolimba. Muziyenda naye m'mawa ndi madzulo, n'kumusiya anunkhize mmene akufunira. Mukamusiya yekha tsiku lonse amalira mokweza mpaka aneba kudandaula. Pomuphunzitsa, kachidutswa ka chakudya kamagwira ntchito kuposa ndodo, bola muchotsere pa chakudya cha tsikulo.

Pomaliza, makutu. Ndi ogwa, mpweya sulowa bwino, ndiye amasunga chinyontho. Kamodzi pa sabata atukuleni, mupukute pooneka pokha ndi kansalu koyera, osalowetsa kanthu mkati. Akamanunkha, kapena galu akamapukusa mutu pafupipafupi, kaonetseni kwa dokotala.