Momwe mungalerere kamwana ka cockatiel kuno ku Blantyre

Cockatiel, mbalame ya nthenga zoima pamutu ndi masaya a olenji ija, kwawo ndi ku Australia, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20. Miyezi yoyambirira ndiyo yovuta.

Choyamba, musagule kamwana koti sikanayambe kudya kokha. Nthawi zambiri kamayamba pa masabata 8 mpaka 10. Wogulitsa akanena kuti "kakudya kale", imani pomwepo mudzionere nokha kakuswa njere. Ngati mwatenga kale kakhanda, kapatseni phala lopangidwira mbalame ndi kasupuni, lofunda pafupifupi madigiri 40. Lotentha limawotcha kathumba ka pakhosi, lozizira limangokhala momwemo n'kusasa. Phala la mgaiwa ayi.

Kenako khola. Mipata ya mawaya isapitirire sentimita imodzi ndi theka, kuti kasakoletse mutu. Likhale pabalaza, pamwamba pomwe mphaka ndi makoswe sangafike, kutali ndi khitchini.

Apa ndiye mvetsetsani. Mapapo a mbalame sachedwa kugonja. Utsi wa mbaula, koyilo ya udzudzu, mankhwala opopera, ngakhale poto wa Teflon (uja wosamatirira chakudya) amene mwamuiwala pamoto, zonsezi zitha kukapha inu osamva kanthu. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, kamaimitsa nthenga n'kukhala ngati kampira, ndiye mtima umati ndikasendezere mbaula. Musayerekeze. Tsekani zenera, fundikani khola ndi chitenje, mbali imodzi musiye. Usiku siyani katochi ka sola kakuwala pang'ono, poti mumdima wa ndiweyani kamadzidzimuka n'kumadziwomba m'mawaya mpaka magazi.

Kakayamba kudya kokha, kapatseni mawere ndi mapira, kaloti wopala, bonongwe wotsuka bwino, dzira lowiritsa mwa apo ndi apo. Mpendadzuwa kamaukonda zedi, koma ngwamafuta, njere zochepa basi. Mapeyala, ngakhale atchipe bwanji ku msika wa Limbe, kwa mbalameyi ndi poizoni, ndipo anawo muwauze. Chokoleti, tiyi ndi zamchere chimodzimodzi. Madzi muzisintha m'mawa uliwonse.

Kukazoloweretsa dzanja sikufuna phuma. Ikani njere pachikhatho, muziimba mluzu, kadzakwera kokha pachala.

Mukaona kakhala pansi pa khola, kakupuma mchira ukugwedezeka, kapena ndowe zasintha, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Mbalame imabisa matenda, ikamaonetsa ndiye kuti yadwala kale.