Mmene mungachepetsere mikangano ya aphunzitsi poyamba ndi chikhalidwe cha pasukulu

Aphunzitsi awiri akasiya kupatsana moni pasukulu ya pulayimale, anzawo amafulumira kunena kuti wina ndi wamwano ndipo winayo ndi wansanje. Koma mukafufuza bwino, kawirikawiri mumapeza kuti awiriwo angokhala poonekera vuto, pamene gwero lake lili m'kachitidwe ka zinthu pasukulupo. Sukulu iliyonse, kaya ili ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Lunzu, ili ndi malamulo ake osalembedwa: amene amalankhula pamsonkhano ndi amene amangomvera, amene amamva nkhani moyambirira, ndi amene amatumidwa kulikonse kumene kuli alawansi. Malangizo awa ndi a mphunzitsi wamkulu, wachiwiri wake ndi atsogoleri a zigawo, ngakhale mphunzitsi aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito.

Choyamba ndi kuvomereza kuti malo amene aphunzitsi athu amagwirira ntchito ndi opanikiza kale. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda zophunzirira sizidakwanirepo kuyambira pamenepo. M'madera odzaza anthu a mzinda wa Blantyre, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, ndipo sukulu zina zimasinthanitsa zipinda pakati pa makalasi a m'mawa ndi a masana. Pamalo otere, chinthu chaching'ono ngati bokosi la choko, chipinda chosadontha kapena mabuku ochepa a Chichewa chimasanduka chuma cholimbirana. Mphunzitsi wamkulu sangamange zipinda ndi manja ake, koma ali ndi mphamvu pa njira imene zochepazo zimagawidwira, ndipo pamenepo ndi pamene mtendere wa stafu umamangidwa kapena kugumuka.

Musanasinthe kanthu, dziwani malamulo osalembedwa a sukulu yanu. Njira yabwino ndi kucheza ndi aphunzitsi mmodzimmodzi, osati pamsonkhano wa onse, ndipo muyambe ndi amene afika posachedwa, chifukwa mlendo amaona zimene eni malo adazolowera. Mufunseni chimene chidamudabwitsa atafika, ndiponso chimene adauzidwa m'khutu kuti pano sitichita. Ophunzira uphunzitsi ochokera ku makoleji monga Blantyre Teachers Training College, amene amabwera kudzayeserera ntchito, amaona zambiri, koma salankhula pokhapokha atatsimikiza kuti mawu awo sawabwerera.

Nkhani yaikulu imene imagawa aphunzitsi ndi kagawidwe ka makalasi, ndipo apa mpofunika kudekha. M'sukulu zambiri mudakhazikika maganizo akuti mphunzitsi wa Sitandade 8 ndiye katswiri, popeza zotsatira za mayeso omaliza pulayimale a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa ndizo zimatchukitsa sukulu, pamene wa Sitandade 1 amaonedwa ngati mlezi wa ana. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa mwana amene sadaphunzire kuwerenga m'makalasi oyambirira sangapulumutsidwe ndi makalasi owonjezera a m'mawa ali mu Sitandade 8. Komabe malinga ngati ulemu wonse ukupita ku chigawo chapamwamba, mphunzitsi amene mwamuchotsa kumeneko n'kumupatsa Sitandade 2 adzamva ngati mwamulanga, ndipo adzafunafuna amene adamunenera zoipa kwa ahedi.

Pofuna kupewa zimenezi, musagawe makalasi muli nokha mu ofesi n'kukhoma pepala pakhoma tsiku lotsegulira sukulu. Chaka chisanathe, pemphani mphunzitsi aliyense kuti alembe makalasi awiri amene angakonde ndi zifukwa zake, kenaka khalani pansi ndi wachiwiri wanu komanso atsogoleri a zigawo zitatu zija, cha ana aang'ono, chapakati ndi chapamwamba. Mugwirizane mfundo zoyendera musanatchule dzina la munthu aliyense: maphunziro apadera amene munthu adachita, monga a National Reading Programme kwa ophunzitsa makalasi oyambirira, zaka zimene wakhala pakalasi imodzi, thanzi lake, ndi kuchuluka kwa mapiriyodi. Amene sanapatsidwe chimene adapempha muwauze pamaso, paokha, pepala lisanatuluke. Zotsatira za mayeso zikabwera zabwino, pothokoza tchulani aphunzitsi onse amene anawo adadutsa m'manja mwawo kuyambira Sitandade 1. Izi zimaoneka zazing'ono, koma mphunzitsi wa makalasi oyambirira amene watchulidwa pamaso pa makolo sachedwa kusiya kuona anzake a kumtunda ngati adani.

Chachiwiri pa zoyambitsa chidani ndi alawansi. Malipiro a mphunzitsi wa pulayimale ndi ochepa poyerekeza ndi lendi ndi ndalama ya minibasi mumzinda uno, choncho kalata yoitanira munthu mmodzi ku maphunziro a masiku atatu si nkhani yamasewera. Ngati mayina omwewomwewo ndiwo amapita nthawi zonse, stafu imagawikana pawiri, a kumpanda kwa ahedi ndi otsala, ndipo otsalawo amayamba kugwira ntchito mwa bola kwacha. Khalani ndi kope limodzi lolembamo aliyense amene wapita ku maphunziro, kumsonkhano kapena kumene sukulu yapemphedwa kupereka mayina a okayang'anira mayeso, ndipo kopelo lizikhala poti mphunzitsi aliyense angalitsegule. Pamene oitana atchula okha mtundu wa mphunzitsi amene akumufuna, werengani kalatayo pamaso pa onse kuti anthu adzimvere okha kuti simunasankhe ndinu. Wopitayo akabwerako afotokozere anzake zimene waphunzira, kuti ulendowo usaoneke ngati mphatso ya munthu mmodzi.

Ndalama za sukulu zimafuna kuwala komweko. Thandizo la boma la School Improvement Grant limayendetsedwa pamodzi ndi komiti ya sukulu, ndipo palibe chifukwa chobisira aphunzitsi kuchuluka kwake ndi zimene lagula. Pamene anthu sauzidwa, amadziwerengera okha, ndipo masamu a m'miseche nthawi zonse amapeza kuti ahedi adya.

Kadzudzulidwe nako kamapanga chikhalidwe. Mphunzitsi amene wachedwa kapena sanalembe masikimu ndi mapulani a phunziro ayenera kufunsidwa, koma osati pa asembule, osati pamaso pa ana, ndiponso osati pagulu la WhatsApp la stafu, pamene mawu amodzi olembedwa usiku amawerengedwa ndi anthu makumi anayi, aliyense ndi tanthauzo lake. Gulu limenelo likhale la zidziwitso zokha, ndipo mugwirizane zimenezi poyera. Chovuta kwambiri ndi kudzudzula mofanana. Akuluakulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo m'sukulu zathu khoswe ameneyu amakhala mnzake wa ahedi wa kutchalitchi, wa kumudzi kwawo, kapena mayi amene amuna awo ali ndi udindo waukulu m'tauni. Mukalekerera mmodzi wotere kuti azifika nthawi imene wafuna, mwataya mphamvu yofunsa wina aliyense, ndipo aphunzitsi amene amamugwirira kalasi yake adzamukwiyira iye pamodzi ndi inu.

Samalaninso ndi zinthu zimene zimayamba ngati chikondi. Thumba lothandizana pamaliro ndi pamatenda, chipereganyu ndi banki mkhonde zimagwirizanitsa aphunzitsi, koma zimathetsanso maubwenzi ngati malamulo ake ali m'mitu mwa anthu basi. Lembani kuti thumbalo limathandiza pa maliro a ndani, ndi ndalama zingati, ndiponso chimene chimachitika kwa wosabweza ngongole. Ndi bwino kuti mphunzitsi wamkulu asakhale msungichuma kapena wokongoza ndalama kwa amene amawayang'anira, chifukwa n'kovuta kulembera kalata yochenjeza munthu amene muli naye ngongole.

Mkangano ukabuka ndithu, musaudikire kuti uzizire wokha, pakuti mlandu suola. Yambani ndi kumva aliyense payekha, kenaka muwakhazike pamodzi pali mboni imodzi imene onse awiri akuikhulupirira, monga mtsogoleri wa chigawo kapena mphunzitsi wachikulire. Aliyense anene chimene chidachitika, tsiku lake ndi mmene chidasokonezera ntchito, osati mbiri ya khalidwe la mnzake kuyambira kalekale. Inu mufunefune funso limene lili pansi pa mkanganowo: kodi awiriwa akulimbirana chipinda, mapiriyodi, kapena udindo umene sudafotokozedwe bwino kuti ndi wa yani? Aphunzitsi awiri ogawana kalasi imodzi, zimene zimachitika kawirikawiri m'sukulu za m'tauni, amakangana kwambiri pa za amene alembe rejisitala, amene achonge mayeso ndi amene akumane ndi makolo, ndipo pepala limodzi logawa ntchitozi limathetsa zimene uphungu wa maola atatu sungathetse. Zimene mwagwirizana zilembedwe, onse asayine, ndipo mukumanenso pakatha milungu iwiri.

Ngati nkhaniyo ikukhudza mphunzitsi wamkulu mwiniwake, kapena yakanika pasukulu, ipite kwa mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa zoni, PEA, ku likulu la aphunzitsi la zoniyo, TDC, ndipo iye ndiye angaitengere ku ofesi ya maphunziro ya Blantyre Urban kapena Blantyre Rural. Mphunzitsi amene akuona kuti akuponderezedwa angapemphe nthumwi ya Teachers Union of Malawi kuti imuperekeze. Nkhani za nkhanza kwa ana, kugwiririra kapena kuba si zokambirana mwachibale mu ofesi, ndipo ziyenera kunenedwa kwa akuluakulu ndi kupolisi mosachedwa. Pa mikangano wamba, musathamangire kupempha kuti mmodzi asamutsidwe. Akachoka koma kagawidwe ka makalasi ndi ka alawansi kakhala momwemo, wobwera m'malo mwake adzapatsidwa chipinda chodontha chomwecho, ndipo teremu isanathe mudzakhala mukuitananso PEA.